Njira ya pa Kalisto

Lolemba, 13 Januwale

Lero ndaona pulani yomaliza ija. Zilembo zikhota, palibe kanthu, wowerenga ndine ndekha.

Bwana Hawkins anatiitana tonse m'chipinda cha misonkhano n'kuonetsa mapu a Ndirande pakhoma. Pakati kadontho kofiira, ndiye siteshoni ya mabasi akuluakulu aja akuti azidzayenda mumsewu wawowawo osalimbana ndi maminibasi. Kuzungulira kadonthoko alemba mzere: aliyense wokhala m'kati mwake azifika pasiteshoni wapansi m'mphindi khumi. Njira zowaka bwino, mamita asanu m'lifupi, magetsi m'mbali, ngalande, mitengo. Pachithunzi aikapo anthu oyera mano akukankha ana m'tingolo. Ku Ndirande kwathu komwe kuja.

Anthu anaomba m'manja. Bwana anati, "Tithokoze Limbikani, popanda iyeyu tikanajambula njira zopanda anthu." Ine kumwetulira ngati chitsiru, mpaka ndinayamba kutsatira ndi maso mzere wobiriwira wonenepa kuposa yonse. Ukuchoka kumtunda kusukulu, kutsika, kukhota pakiyosiki ya madzi, kenako n'kulowa pabwalo pa Amayi. Amayi aakulu, a Petronela, mkulu wawo wa malemu mayi anga, amene anandilera kuyambira ndili Sitandade 2. Mpata umene anthu amadutsa pamenepo, pakati pa nyumba ndi bafa, sukwana mamita awiri. Pulani ikufuna asanu. Nyumbayo aiika kamtanda.

Ndinapita kuchimbudzi n'kukhala komweko mpaka msonkhano unatha.

Lachiwiri, 14 Januwale

Mzere umenewo ndinajambula ndine. Ndilembe poyera kuti ndisadzadzinamize mawa.

Mu Okutobala akuluakulu anabwera ndi zithunzi zojambula kuchokera m'mwamba. M'mwamba Ndirande ndi madenga okhaokha, njira sizioneka. Iwo ankafuna kungotsatira misewu ya galimoto. Ine ndi pakamwa pangapa, osafunsidwa: "Bwana, ku Ndirande munthu sayenda mumsewu, timadutsa m'makomo mwa anthu." Ndinawafotokozera monyada. Umafika pakhomo pa munthu, kaya akuchapa, kaya akupeta, umati zikomo tidutse nawo, iye amati dutsani, basi watulukira tsidya lina. Anachita chidwi kwabasi. Anatituma ine ndi Ida, mnzanga wa muofesi, milungu itatu, foni yolemba paliponse taponda, ndi kachitsulo kowerengera anthu kodina ndi chala.

Pakhomo pa Amayi, pamene anthu amati pa Kalisto potengera dzina la malemu bambo, amuna awo, tinawerenga anthu 640 kuyambira 6 koloko mpaka 8 m'mawa. Palibe njira ina inafikako. Ndinanyada ngati ndapambana mpikisano. Ndinati kwathu kumeneko.

Chimene sindinaganize n'chakuti kompyuta sidziwa kuti njirayo ndi ulemu wa munthu. Imangoona kuti pano pamadutsa anthu ambiri, ndiye pakulitsidwe. A Ramsey oyandikana nawo, amene anamanga mpanda wa njerwa n'kuthira mabotolo osweka pamwamba, nyumba yawo sinakhudzidwe ngakhale pangodya. Zogwetsedwa ndi zisanu ndi ziwiri, zonse za anthu amene sanatsekere anzawo. Chifundo chidapha nkhwali, koma mpeni wake wanola ndine.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndinalowa kwa bwana H. Sindinawauze kuti nyumbayo ndi ya Amayi, angandichotse pa ntchitoyi n'kusowa ngakhale podziwira zimene zikuchitika. Ndinangoti kodi palibe kwina kodutsitsa.

Si munthu woipa ayi, kungoti anatopa. Anavula magalasi n'kuti, "Kulipo. Njira B, yotsatira msewu wakale kuseri kwa mipanda ija. Sigwetsa nyumba. Koma kuchokera kusukulu imatenga mphindi khumi ndi zitatu, ndiye eni pulojekiti akufuna khumi. Khumi ameneyo ali m'mapepala onse, achimwene."

Mphindi zitatu. Nyumba ya zaka makumi anayi igwe chifukwa cha mphindi zitatu. Tsiku lililonse timataya zoposa pamenepo minibasi itaima kudikira munthu amene akadali kupesa tsitsi m'nyumba.

Koma anatulutsa mawu amodzi amene ndagwira ndi manja awiri. Akuti Lachinayi pa 30 eni pulojekiti atumiza munthu wawo kuti tikawerengenso naye pa Kalisto, nthawi yomweyo ya m'mawa. Anthu akapanda kukwana 200, mzere usamukira ku B. Anaseka, "Koma ndi 640 ija, n'kungokwaniritsa mwambo." Anakumbutsanso kuti pulani ndi yachinsinsi mpaka Febuluwale, wolankhula kunja ntchito yatha.

Potuluka ndinamuuza Ida zonse. Anangogwira kukamwa. Kenako anati, "Si mayi aja anatiphikira mpunga wa nyemba?" Ndinati omwewo.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndinafika pa siteji ya minibasi za ku Ndirande, kondakitala anandikoka mpaka pachitseko, ndinabwerera ku Zingwangwa kumene ndimakhala. Mantha enieni.

Loweruka, 18 Januwale

Ndapita. Amayi ndinawapeza pabenchi pawo pomwe paja, beseni la mandasi pambali, mawondo akulunga nsalu chifukwa cha nyengo yamvulayi. Sitinathe kulankhula mawu asanu osadulidwa. Zikomo agogo. Dutsani. Tidutse nawo mayi. Dutsani, mwana wachira? Mnyamata wa makala, amayi a zidebe, bambo wina wanyamula chitseko pamutu. Onse amawadziwa maina, ena mpaka maina a makolo awo.

Anayamba okha nkhani ya mabasi. Akuti amva kutchalitchi kuti tizikafika ku Limbe osapanikizidwa anayi pampando. Anali okondwa ndithu. "Ndiye ntchito yakoyo, Limbi? Mulungu ndi wabwino."

Ndinawauza tili m'nyumba. Ndinati njira ikulitsidwa, nyumba ili pa mzere, koma musauze munthu. Anayang'ana kudenga. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Anawauza ndani kuti pano pamadutsa anthu? Ukakhala kumsewu sipaoneka."

Ndinati makina, Amayi. Masiku ano makina amaona chilichonse.

Ndawanamiza. Mxii.

Lamulungu, 19 Januwale

Sindinagone nalo bodza lija. Ndinakawadikira pakhomo mpaka anabwera ku Misa. Asanavule ndi duku lomwe ndinati Amayi, si makina, ndine.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pampando n'kuyamba kumasula nsapato pang'onopang'ono. Anati, "Mwezi uja unkazungulira pano ndi kafoni kako, iwe ndi mtsikana uja. Ndinakuphikirani. Ndiye unali kuyeza nyumba yanga?"

Ndinafotokoza kuti ndinkafuna kuti anthu oyenda pansi aoneke nawo, kuti asatiiwale ngati nthawi zonse. Mawu anga omwe ankandinyansa m'kamwa. Anati, "Taonekatu."

Ndiye ndinatulutsa nzeru yanga. Titseke njira ndi malata masiku ochepa okha. Anthu azolowere kuzungulira, pa 30 tikadzawerenga papezeke palibe, mzere usamuke, nyumba zonse zisanu ndi ziwiri zipulumuke.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Wotseka njira ndi mfiti kapena wolemera. Ine ndine uti pamenepa?" Akuti pamene ankabwera kuchokera ku Nsanje ndi bambo Kalisto, alibe ndi mphasa yomwe, anagona pakhonde la munthu wosamudziwa mwezi wathunthu. Bambo atayamba ntchito kufakitale ya nsalu n'kupeza kamalo aka, womanga ankafuna kulumikiza bafa kunyumba, iwo anakana, anati siyani mpata anthu azidutsa. "Bambo ako anatuluka ndi bokosi pampata pomwepo. Lero ndikhomepo malata?"

Ndinati Amayi, mukapanda kukhoma malata, pabwera thalakitala.

Anati ndizipita, akufuna agone pang'ono. Chibadwire sanandiuzepo kuti ndizipita.

Lachiwiri, 21 Januwale

Ndinatsegula fayilo ya kumene akufuna kukawaika ogwetseredwa nyumba. Kuseri kwa Machinjiri uko, kumene minibasi imathera n'kuyamba kabaza. Thengo, miyala, zikhomo zopaka laimu. Madzi akuti adzabwera. Kuchokera kumeneko kukafika kutchalitchi kwawo ndi minibasi ziwiri. Mayi wa zaka 69, mawondo otupa, mandasi akagulitsa kwa ndani, kwa abuluzi?

Pachikuto pa fayilo yomweyo palembedwa kuti cholinga chathu n'chakuti aliyense azipeza zonse pafupi, poyenda pansi. Ndinaseka mpaka Ida anandigwira phewa kuti anthu akuyang'ana.

Walira mvula walira matope, amatero. Koma mvulayi analira ndi ena, matope akugwera Amayi.

Lachitatu, 22 Januwale

Ndawaimbira katatu. Sakuyankha.

Lachinayi, 23 Januwale

Aimba okha masana, ndili pa desiki. Moni sanapereke.

"Masiku angati?"

Ndinati kuyambira Loweruka mpaka Lachinayi, Amayi. Asanu ndi limodzi.

"Ndipo sindingawauze anthu chifukwa chake."

Ndinati ayi, zikamveka ndichotsedwa ntchito, komanso akuluakulu akadziwa kuti tatseka dala kuwerengako sikugwira ntchito.

Ndinamva akupuma. Akuti dzulo anakhala n'kuwerenga nyumba zinazo. Ya mayi wa ana amapasa uja, ya bambo wosaona wa kumunsi. "Ikanakhala yanga yokha ndikanati igwe. Bwera nawo malata akowo. Koma Lachisanu m'mawa udzachotse wekha."

Ndinayenera kukondwa. Sindinakondwe.

Loweruka, 25 Januwale

Ndakhoma. Malata anayi akale ndinawapeza ku Chirimba, mitengo itatu, misomali. Ndinatseka kumtunda, polowera kuchokera kukiyosiki. Ndinakhoma kwambiri, msomali pa msomali, kuti wina asangokankha.

Amayi sanatuluke. Benchi analowetsa m'nyumba.

Ndikukhoma choncho anthu ankafika n'kuima. Woyamba anali mayi wa chidebe pamutu. Anati zikomo, mwachizolowezi, kenako anaona. "Kwagwanji, kuli maliro?" Ndinati ayi, tikukonza pang'ono. Anaima ndi chidebe chakecho akundiyang'ana, madzi akudontha pamapewa, n'kutembenuka. Ena sanali aulemu choncho. Bambo wina anati, "Mwana akaphunzira ndiye zimenezi." Wina, "Aona ndalama za mabasi, ayamba kudzimva." Wina anangofunsa kuti agogo ali moyo kodi, poti iwo sangalole zimenezi.

Sindinaganize bwino za kumene azidutsa. Ndinkati azungulira kumsewu wakale. Ayi ndithu, munthu wa ku Ndirande sazungulira. Atsikira kumtsinje wa Nasolo, kudumpha pamiyala, n'kukwera kuseri kwa msika. Ndinapita kukaona. Miyala isanu yoterera, madzi akuda onunkha akufika m'kakolo. Ana akudumpha akuseka. Ndinadziuza kuti ndi masiku asanu ndi limodzi okha.

Chimene chinandipweteka kuposa matukwano ndi a Ramsey. Anasuzumira pamwamba pa mpanda wawo, kapu ya tiyi m'manja. "Mwachita bwino, achimwene. Ndakhala ndikuwauza mayiwa zaka zonsezi. Anthu awa sayamika."

Lolemba, 27 Januwale

Ndinadzera ku Ndirande ndikuweruka. Pamalata wina walemba ndi khala: MWALEMERA. Ndinayesa kufuta ndi manja, zinangofalikira.

Mandasi a Loweruka akadali m'beseni, auma. Sanakazingenso. Msonkhano wa mphakati umene umachitikira pabwalo pawo Lolemba lililonse ausamutsira kwa ena, popanda ndi uthenga womwe. Dzulo ku Misa akuti mayi amene amakhala nawo benchi limodzi zaka khumi anasuntha n'kukakhala kutsogolo.

Amayi akhala m'nyumba chitseko chotseka, masana. Sindinazionepo. Pabwalo pali zii, mpaka ndinamva wailesi ya nyumba yachitatu. Anati, "Ndimamva akafika pamalatapo. Amaima kaye. Ena amanenabe zikomo." Ndiye amatseka makutu ndi pilo kuti pakamwa pasayankhe pokha.

Achepa thupi m'masiku atatu. Kapena ndi maso anga.

Ndinati atsala atatu, Amayi, limbani mtima. Anati, "Dzina lako lomwe." Sanaseke.

Lachiwiri, 28 Januwale

Ida anadutsako m'mawa mwakachetechete. Akuti kuyambira 6 mpaka 7 anthu amene anafika pamalata n'kubwerera anali khumi ndi mmodzi. Zikuyenda. Ndikudana nazo kuti zikuyenda.

Lachitatu, 29 Januwale

Mvula kuyambira 2 koloko masana, yosalekeza. Phiri la Ndirande silikuoneka n'komwe. Muofesi anthu akudandaula za zovala zimene anayanika. Ine ndikuganiza miyala isanu ija.

Bwana H. wati mawa ndipite ine ndi Ida, tikakumane ndi a Stewart ochokera kwa eni pulojekiti. Kachitsulo andipatsa ine.

Ambuye, ingokhalani ngati mwaiwala kutsegula kumwambako mpaka 8 koloko. Sindinapempheko kanthu chaka chino.

Lachinayi, 30 Januwale

Ndilemba zonse mmene zinayendera, kenako sindikufunanso kuziganiza.

Tinafika 6 isanakwane. Mvula inali itasanduka yowaza. A Stewart ndi bambo wodekha, jekete la mvula, kabuku m'thumba la pulasitiki. Ataona malata anakweza nsidze. Ida anati eni ake anatseka, zimachitika. Anati chabwino, tiwerenga zimene tione. Tinaima m'kati mwa bwalo, pansi pa khonde la bafa. Chitseko cha Amayi chotseka. Ine ndinachita ngati pakhomopo ndi pachilendo.

6:10, palibe. 6:20, palibe. A Stewart analemba kanthu m'kabuku n'kuti, "Zikapitirira chonchi ndiye B basi." Ndinayang'ananso nthawi.

Kenako tinayamba kumva mapazi kuseri kwa malata. Osati kubwera n'kubwerera ngati masiku ena. Kubwera n'kuima. Ndinasuzumira pa kabowo ka msomali. Ana opita kusukulu ina ya kumunsi, mayunifolomu atanyowa, mapepala a pulasitiki pamutu, ena nsapato m'manja matope mpaka m'mawondo. Amayi a madengu a kumsika. Namwino wina wovala zoyera. Ankachokera kumtsinje. Wina ankauza mnzake kuti Nasolo wadzaza, miyala yonse yamira, madzi akuthamanga ndi zinyalala ndi mitengo. Msewu wakale nawo akuti ngalande yasefukira, pakhota paja madzi afika m'chiuno.

Palibe anagogoda. Palibe anatukwana. Anangoima pamvula, akuchulukirachulukira. Ndiye ndinamva mwana wina wamkulupo akuuza anzake kuti tiyeni tikayesenso kumtsinje, tikagwirana manja tiwoloka, mayeso ayamba 7:30. Ena anayamba kutembenuka.

Chitseko chinatseguka.

Amayi anatuluka opanda nsapato, chitenje chomanga pachifuwa, hamala ya bambo m'manja. Sanatiyang'ane. Anapita pamalata n'kukweza mawu, "Ana inu, musapite kumtsinje. Imani pomwepo." Anayamba kulimbana ndi msomali woyamba. Manja awo aja, hamala ikuterereka. Ndinakhoma kwambiri, ndinalemba kale. Anayesa kachiwiri, kachitatu, msomali osasuntha.

Anatembenuka. Pamaso pa a Stewart, pamaso pa Ida.

"Limbikani mwanawe, wakhoma ndiwe. Bwera uzule."

A Stewart anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kachitsulo m'dzanja langa, kakuonetsa 000. Ndinati Amayi, kwatsala ola limodzi ndi theka lokha. Ndinanena motsitsa, ngati mwana wopempha kuti asamenyedwe. Anati, "Ndamva. Bwera uzule."

Ndinapereka kachitsulo kwa Ida. Ndinazula. Misomali khumi ndi inayi, umodziumodzi, ina ndinachita kupinda. Lata loyamba litagwa ana sanathamange, anaima kaye kuyang'ana Amayi, mpaka iwo anakupiza dzanja. Ndiye anayamba kulowa, mmodzimmodzi poti mpata ndi wochepa, akundikhudza m'nthiti podutsa. Kumbuyo kwanga ndinkamva kachitsulo. Ida ankadina akulira, koma ankadina, nanga akanatani munthu ali pambali pake.

200 inakwana 7:04. Pofika 8 koloko anali 811, chifukwa ndi a njira zina omwe anadzera pomwepo.

A Stewart anatseka kabuku. Anandikokera pambali n'kuti za malata salemba, za ubale wanganso salemba, koma nambala alemba mmene ilili. Ndinati zikomo. Ndithu ndinathokoza.

Anzanga atapita kugalimoto ndinatsala kuti ndisanje malata kuseri kwa bafa. Amayi anali atakhala pakhonde, akupukuta matope kumapazi ndi kansanza. Ndinakaima pambali pawo. Iwo ndi amene analankhula, osadzutsa mutu.

"Kuofesi kwanuko kumakhala makatoni?"

Ndinati amakhalapo.

"Ukawaona usataye. Olimba, a mbale. Zithunzi za bambo ako ndikulunga m'zitenje."

Ndapeza anayi kuseri kwa makina okopera mapepala. Ndawapinda, ali pansi pa desiki.